Girizi wa a Siebe Talsma

M'mudzi mwathu mukamva chitseko chikulira, dziwani kuti a Siebe Talsma sanafikepo pakhomo pamenepo. Bambo ameneyu anagwira ntchito zaka makumi anayi kunyumba ya mapampu, ija ili kumapeto kwa ngalande yaikulu, yomwe imatunga madzi m'minda mwathu n'kumawaponya kuseri kwa khoma lotchinga nyanja. Kuno ku Friesland, dera lotsika kuposa nyanja, mapampu akaima, ng'ombe zimayamba kusambira. M'zaka zonsezo sanaimepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mukawafunsa chinsinsi chake, a Siebe amangokuonetsani zala zawo zakuda.

"Girizi," amatero. "Chitsulo chodya girizi sichinyanyala ntchito."

Atapuma pantchito, dzanja lawo silinapume. Loweruka lililonse m'mawa amavala ovololo yabuluu, n'kunyamula chitini chawo cha girizi, ulendo uyambike: geti, wilibala, njinga, mpaka mahinji a chitseko cha tchalitchi. Munthu ukaima nawo pafupi nthawi yaitali osagwedezeka, akhoza kukudzoza m'mawondo.

Ine ndine Hiltje, neba wawo wa kuseri kwa mpanda, ndipo ntchito yanga ndi yokonza mawotchi. Apa ndi pamene panagona mkangano wathu. Wotchi imafuna kadontho ka mafuta kokwana pansonga ya singano, basi. Chaka china ndili m'chipatala, iwo mwa chifundo chawo anaona kuti andithandize, ndipo anadzoza wotchi yanga yapakhoma, ija anandisiyira amayi, ndi girizi wa mapampu. Ndinaitsuka milungu itatu ndikutukwana chamumtima. Kuyambira pamenepo ine ndimawatchula kuti a Girizi, iwo amanditchula kuti Mayi Kadontho, ndipo tapatsana moni wotero pampanda kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, osagwirizana pa kanthu kalikonse, ngakhale pa zoti kugwa mvula kapena ayi.

Koma chimene a Siebe amachikonda kuposa chitini chawo ndi Dona. Dona ndi galimoto yawo. Anaigula yatsopano mu 1972, yobiriwira ngati ndowe za ng'ombe yodya msipu, ndipo mpaka lero ilibe dzimbiri ngakhale la mankhwala. Akazi awo atamwalira, Dona ndiye anatsala wowatulutsa pakhomo. Sitolo ya m'mudzi muno inatsekedwa kalekale, basi imabwera kawiri patsiku ikakonda. Lachiwiri Dona amawatengera kumsika ku Dokkum kukagula nsomba ndi tchizi, Lachinayi kukaona mchimwene wawo amene sayendanso, Lamulungu kutchalitchi. Muwalande Dona, ndiye kuti mwawakhazika pampando wa pawindo mpaka tsiku lowanyamula.

Chilimwe chathachi chikutha, a Siebe ali ndi zaka 78, kunabwera makalata atatu ochokera kuboma. Kamera ya pamsewu wolowa m'mudzi woyandikana nafe inawajambula katatu akuthamanga mopyola muyeso. Makalatawo anawapeza ndi mwana wawo Renske, amene ndi namwino kunyumba yosamalira okalamba ku Leeuwarden. Linali Lachitatu masana, ine ndikuanika zovala. Sindimvetsera za anthu, koma mpanda wathu ndi wamasamba ochepa.

"Bambo, 74, 77, 71," anatero Renske. "Pamsewu wa fifite. M'mwezi umodzi."

"Makina awowo ndi abodza. Muvi woonetsa liwiro unali pa fifite, ndinkauona ndi maso angawa."

"Maso akewo ndi amene ndikuwaopa."

"Iwe, ndayendetsa galimoto iyi usanabadwe. Kuchipatala kokabadwa unapita uli m'mimba pampando uwo."

"Ndikudziwa, Bambo. Koma anthu amene ndimawasambitsa tsiku ndi tsiku aja, onse anayamba chonchi. Cholakwa chimakhala mbaula, kapena foni, kapena wotchi. Iwo ayi."

"Ndiye ukuti mutu wanga wayamba kuwola."

"Sindinatero. Ndikuti Lamulungu ndibwera nthawi ya khofi. Ngati wabodza ndi Dona, mudzandionetse. Ngati si Dona, makiyi ndidzapita nawo, ndipo musadzandide."

Renske ndimamudziwa kuyambira ali wakhanda. Si mwana wamwano, koma akanena wanena. Anatuluka pageti maso ali ofiira, ndipo bambo ake anaima pakhomo la garaja nthawi yaitali, makiyi ali m'manja.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinkangomva zitsulo zikulira m'garajamo. Anayeza matayala kuti mwina ndi aakulu kuposa oyenera, anapeza ali bwinobwino. Anakwawa pansi pa galimoto, kutuluka, kukwawanso. Kwa mchimwene wawo sanapite. Loweruka m'mawa, nthawi imene amayenera kukhala akudzoza geti, ndinamva kugogoda. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko: a Siebe anali pakhomo panga, koyamba chichitikire cha wotchi ija, chipewa chili kumanja kumodzi, kwinako waya wautali wakuda atamupinda ngati njoka yakufa.

"Mayi Kadontho, ndibwerekeniko tebulo lanu lagalasi lija. Langa ndi lopindika."

"Mwadzuka bwanji kaye, a Girizi? Kapena moni nayenso wafuna girizi?"

"Ndadzuka. Tebulo."

Sipidomita, yomwe ili ndi muvi wa liwiro uja, m'magalimoto akalewa siyendera magetsi. Pali kebulo yochokera kugiyabokosi kukafika kuseri kwa sipidomita, ndipo mkati mwake muli waya amene amazungulira galimoto ikamayenda. Wayayo akapindika kapena nsonga zake zikaperepeseka, amatsetsereka, muvi n'kumanama. A Siebe anali atamusolola, ndipo chiyembekezo chawo chonse chinali pa iyeyo. Anamugoneka patebulo langa, osafunsa n'komwe za nsalu yoyala, n'kumugubuduza ndi zikhato. Waya wopindika amadumpha. Uyu anagubuduzika myaa, uku ndi uku. Ndinatenga galasi langa la m'diso n'kuyang'ana nsonga zonse ziwiri: makona anayi anayi, akuthwa ngati ogula dzulo.

"Palibe chovuta apa," ndinatero.

"Chingavute bwanji? Chaka chilichonse ndimamusolola n'kumudzoza kuyambira kumutu mpaka kumchira." Ananena monyada, kenako anamva okha zimene ananenazo zikutanthauza. Anakhala pampando wanga ovololo ili yomweyo. "Ndiye kuti mwana uja akunena zoona."

Ndinawamvera chisoni, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa. Munthu sukonzekera kumvera chisoni mdani wako m'mawa usanamwe khofi.

"Tandiuzani," ndinatero. "Chaka chino palibe chasintha pa Dona?"

"Palibe. Chasintha ndi anthu basi, ayamba ulemu. Mukudziwa ine pamsewu waukulu wa ku Dokkum sindipyola sikisite. Kale kumbuyo kwanga kunkachita mzere, mahutala piii piii, ena kumandionetsa chala. Chilimwe chino ziii, palibe wondiimbira."

"Palibe wokupitirirani?"

"Mmodzimmodzi."

"Nanga mukaima, muvi umagwa nthawi yomweyo?"

"Umatsika pang'onopang'ono. Ndi nkhalamba, imakhala pansi mosamala ngati inuyo."

Apa ndinayamba kuukayikira muviwo. Ndinavula epuloni, n'kutenga wotchi yanga yowerenga masekondi m'kabati.

"Kabwezeretseni wayayo msanga. Tikupita kukhoma."

Msewu wa m'mbali mwa khoma la nyanja ndi wowongoka ngati ulusi, ndipo uli ndi tizipilala ta manambala, kamodzi pa mamita zana alionse. Tizipilala khumi ndi kilomita imodzi. Galimoto ikamayenda fifite yeniyeni, kilomita imatha mphindi imodzi ndi masekondi khumi ndi awiri. Ndinawafotokozera zimenezi tili m'njira, iwo akungogwedeza mutu. M'zaka zonse zija ndinali ndisanakwerepo Dona, ndipo ndivomere, mipando yake ndi yofewa kuposa sofa yanga.

"Ikani muvi pa fifite, musausunthe."

Anaponda mafuta. Muvi unanyamuka mwaulesi, makumi atatu, makumi anayi, iwo akupondabe. Pamene unkafika pa fifite, nkhosa za pakhoma zinkadutsa pawindo ngati mapilo oponyedwa, ndipo ine ndinali nditagwira chitseko ndi dzanja limodzi.

"Fifite ndi imeneyo," anatero a Siebe, atakhala phee ngati ali patchalitchi.

Ndinadina wotchi pachipilala china, tonse n'kuyamba kuwerenga zotsatira mokweza ngati ana a sukulu. Chachitatu, chachinayi. Iwo diso lina linali pa timanambala towerenga mtunda, tija timatembenuka pansi pa muvi. Chachisanu ndi chinayi. Chakhumi. Ndinadinanso, ndipo nthawi yomweyo nambala ya kilomita inatembenuka, ndendende pachipilalapo.

A Siebe anaimitsa galimoto pambali. Manja sanawachotse pachiwongolero.

"Ikuwerenga bwino," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale mita imodzi sinaphonye. Wolakwa ndine, Hiltje."

Dzina langa lenileni ndinali ndisanalimve pakamwa pawo kwa zaka zambiri. Ndikanayenera kuwauza pomwepo, koma Mulungu andikhululukire, ndinakumbukira wotchi ya amayi ija, ndipo ndinawasiya apsepo pang'ono. Ndinapukuta magalasi anga. Ndinayang'ana nkhosa. Kenako ndinawaikira wotchi pamphuno.

"Werengani."

"Fote-eyiti."

"Masekondi fote-eyiti, a Girizi. Mumathamanga sevente-faifi. Mtunda ikuwerenga bwino, koma muviwo ndi wabodza wotheratu."

Anayang'ana wotchi, anayang'ana ine, anayang'ana muvi umene unali ukadatsikabe pang'onopang'ono galimoto itaima kale. Kenako bambo wa zaka 78 anavula chipewa, kuchimenyetsa pachiwongolero, n'kuliza hutala mpaka nkhosa zonse zinathawira pamwamba pa khoma.

"Tibwerezenso!"

Tinabwereza katatu, kupita ndi kubwera, ndipo katatu konse wotchi inanena zomwezo. Ulendo wachitatu iwo ankaimba nyimbo ya m'tchalitchi, ine ndikumenya chitseko ngati ng'oma. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala, amatero akuluakulu, ndipo munthu wa mapampu anayenera kuudziwa mwambi umenewu kuposa wina aliyense. Tonse awiri tinauiwala.

Pobwerera tinali tikulankhula nthawi imodzi. Ngati mtunda ukuwerengeka bwino, ndiye kuti waya akuzungulira bwino, giyabokosi ilibe mlandu, matayala alibe mlandu. Wabodza ali m'mutu mwa sipidomita momwemo. Koyamba m'moyo wathu tinagwirizana, ndipo palibe anazindikira. Nthawi ndi imene inatithina. Belu la tchalitchi likalira sikisi koloko Loweruka madzulo, a Siebe amaika zida pansi mpaka Lolemba, kaya nyumba ikupsa. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, kumasula timanati tiwiri, ndipo dzuwa lili pamutu sipidomita inali pabenchi langa la mawotchi.

Galasi lake limagwidwa ndi mkombero wachitsulo wopindidwa kuzungulira konse. Umafunika kuutukula pang'onopang'ono ndi kasikuludiraiva, ukapupuluma galasi lasweka. Zinanditengera ola lathunthu, a Siebe akundipumira m'khosi.

"Mukuchedwa, Mayi Kadontho. Ndibweretse pulayala?"

"Mukabweretsa pulayala ndikuzulani nayo mano atsalawo. Khalani apo."

Mkati mwa sipidomita mulibe zambiri. Waya uja amazunguza maginito, maginito amakoka kambale kopepuka kachitsulo osakakhudza, kambaleko n'kumatembenuza muvi, ndipo kasipuling'i kowonda ngati tsitsi kamabweza muviwo pansi. Zonsezi zimafuna kukhala zouma ndi zomasuka, zoti ukauzira mpweya zigwedezeke. Nditachotsa chivindikiro, kambale sikankaoneka n'komwe. Munali mutadzaza zakuda bii, zolimba ngati phala la dzulo. Waya uja ndi wopotedwa ngati sikulu, ndiye chaka ndi chaka pozungulira ankakankhira zonse zimene ankadzozedwa m'mwamba, mpaka zinalowa m'mutu n'kugwira kambale m'mbali.

Ndinatapa pang'ono ndi kamtengo, n'kununkhiza. Sindinafulumire. Tsiku ngati limeneli munthu umalidikira zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Fungo ili ndikulidziwa," ndinatero.

"Mwina ndi wa kufakitale."

"Wa mu 1972? Akununkha mapampu uyu, a Talsma. Akununkha wotchi ya amayi anga."

Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu. Kenako anayamba kuseka, chikhakhali chenicheni, mpaka misozi, akumenya bondo. Nane ndinalephera kupirira.

"Ndiye kuti ndadzilemberetsa makalata atatu ndi chitini changa chomwe," anatero akupukuta m'maso. "Koma mutu uli bwino, mayi. Mutu uli bwino."

Ndinamasula kachidutswa kalikonse, n'kukatsuka m'mbale ya mafuta otsukira mawotchi, katatu kusintha mafutawo mpaka anasiya kuda. Kasipuling'i ndinakagwira ndikubanika mpweya. Iwo ndinawatuma akasololenso waya, amupukute, ndipo chigawo chakumtunda chotalika ngati chikhato achisiye chouma. Atabwerera ndinawapatsa singano yokhala ndi kadontho kamodzi ka mafuta kunsonga.

"Ikani ndinu. Apa, pamene muvi umatsamira."

"Kameneka? Ngakhale udzudzu sungakhute."

"Ikani."

Anaika ngati akuchita tchimo. Ndinauzira mpweya pakambale, muvi unanyamuka n'kugwa wokha, wopepuka. Tinayang'anizana ngati anthu amene aona mwana akuyamba kuyenda.

Hafu pasiti faifi sipidomita inali itabwerera m'malo mwake. Tinathamangira kukhoma. Muvi pa fifite, tizipilala khumi, masekondi sevente-wanu. Belu linalira tikulowetsa Dona m'garaja. Ine monga mwa Loweruka lililonse ndinakonza m'nyumba: mafuta akuda aja ndinakataya m'chigubu cha zinyalala zamafuta, nsanza zonse m'mbaula, benchi ndinalipukuta mbee. Kenako a Siebe anabwera ndi botolo la jini, tinamwa katambula kamodzi kamodzi titaimirira pampanda.

"Mawa musanene kanthu," anatero. "Adzaone yekha. Ndikufuna ndidzaone nkhope yake."

Lamulungu Renske anafika nthawi ya khofi monga ananenera. Anadabwa kundipeza nditakhala m'nyumba mwa bambo ake, koma sanafunse. Tinamwa khofi, chitini cha mabisiketi chinazungulira kamodzi n'kutsekedwa. A Siebe ankalephera kukhazikika pampando, akungoseweretsa makiyi.

"Tiye ukaone, mwanawe. Mayi Kadontho apita nafe."

Renske anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Tikutuluka m'mudzi anatulutsa foni m'chikwama.

"Iyi imaonetsa liwiro lenileni," anatero. "Ikani pa fifite, Bambo, tifanizire."

"Fanizira, fanizira," anatero a Siebe akunditsinzinira diso pagalasi.

Pamenepo ndi pamene ndinaona chimene tinachita. Ndinafuna kulankhula, koma tinali titafika kale pamsewu wa khoma, ndipo muvi unakwera bwinobwino n'kuima nji.

"Fifite," anatero a Siebe. "Foni yako ikuti bwanji?"

"Fote-naini."

"Sikisite. Ikuti bwanji?"

"Fifite-naini."

"Waona? Ngati wotchi ya kutchalitchi. Ipeze galimoto ina ya zaka makumi asanu yolondola chonchi."

Renske anaika foni pamiyendo. Sanayang'ane bambo ake.

"Ndiye kuti Dona sanama, Bambo," anatero pang'onopang'ono.

Ndinaona makutu a a Siebe akusintha mtundu. Tinali titagwira wabodza, kumulapitsa, kumusambitsa, n'kumubweretsa kubwalo atavala zoyera. Anthu awiri amene moyo wawo wonse sanathe kuona chinthu chowonongeka n'kuchisiya chigone mpaka mawa. Umboni wonse unali m'mbaula mwanga, ndipo madzi akatayika saoleka.

Anaimitsa galimoto, ndipo tonse awiri tinayamba kulongolola. Iwo za waya, ine za masekondi, iwo za nkhosa, ine za kambale.

"Mmodzimmodzi," anatero Renske. "Mukuti munaikonza dzulo. Chabwino. Chinawonongekacho chili kuti?"

"Ndinataya," ndinatero.

"Munajambula?"

"Ndi chiyani, mwanawe? Ine ndi wa mawotchi."

"Ndiye ndikhulupirire mawu okha."

Apa ndinapsa mtima. Ndinasendera kutsogolo n'kulowetsa mutu pakati pa mipando.

"Tamvera, Renske. Bambo akowa ndi munthu wamakani, wosamva za anzake, ndipo anandiwonongera wotchi ya amayi anga. Ukanandifunsa Lachitatu, ndikanakuthandiza kuwalanda makiyi, n'kuwalandanso chitini chija. Koma dzulo ndinakhala pampando wakhalapowo. Muvi unali pa fifite, galimoto ili pa sevente-faifi, katatu konse. Ndipo chimene ndinachotsa m'sipidomitamo ndi girizi wa mapampu wodzaza sipuni ziwiri, woika okha ndi manja awo."

"Sipuni imodzi ndi theka," anatero a Siebe.

"Ziwiri."

Renske anatiyang'ana, uyu, uyu.

"Girizi," anatero. "Bambo, munadzoza sipidomita."

"Waya yekha. Anakwera yekha."

Anaseka mpaka anagwira pamimba, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadziwa kuti kwasinthira pati. Anagwira dzanja la bambo ake lija lakuda zala.

"A Hiltje kukuikirani kumbuyo inu, chibadwire sindinaonepo. Ndiye ziyenera kukhala zoona. Pepani, Bambo. Sindinagone sabata yonseyi. Makiyi ndi anu."

A Siebe anakhosomola, anakonza chipewa, n'kutembenuza galimoto mwaulemu wonse ngati anyamula akwati. Njira yonse ya khoma ankafotokoza za kambale ndi maginito ngati anatulukira okha, ine ndikuwakonza mawu aliwonse. Ndinali wosangalala ngati mtsikana, ndipo sindichita manyazi kunena.

Tinalowa m'mudzi cha kumlatho. Kunja kunali kowala, ndipo monga mwa Lamulungu masana msewu unali wodzaza njinga, mabanja athunthu, tiana tina tikupalasa mokhotakhota pambali pa makolo awo. A Siebe anatsitsa liwiro mpaka muvi unakhala pa fifite.

"Iyi ndi fifite?" anafunsa.

"Fote-naini," anatero Renske.

"Tikukwawa ngati tikuperekeza maliro."

Kamtsikana kena kovala chipewa chachikasu kanapatuka pang'ono kulowa mumsewu, bambo ake n'kukakoka paphewa. Sizinali zoopsa, tinali kutali, ndipo a Siebe anaponda buleki bwinobwino. Koma atadutsa sanapondenso mafuta. Anaisiya galimoto iyende yokha mpaka inaima pafupi ndi mlatho, n'kuzimitsa injini.

"Dzulo kukhoma sindinaone kusiyana," anatero. "Ndinali ndi chimwemwe, ndinkangoyang'ana muvi. Chilimwe chonsechi ndadutsa pano kangati? Pano pomwe, sevente n'kuposa." Anayang'ana manja awo. "Kale pampu ikasintha mawu pang'ono chabe, ndinkamva ndili m'tulo kunyumba. Galimoto yanga yomwe yakhala ikukuwa pansi panga miyezi inayi, ine osamva. Khutu osandiuza, msana osandiuza. Ndimati anthu ayamba ulemu."

"Bambo, muvi ndi umene unakunamizani. Tsopano wakonzedwa."

"Wakonzedwa, eya."

Kenako anatsegula chitseko, anatuluka, anazungulira kutsogolo kwa Dona akusisita boneti ndi chikhato, n'kukaima kumbali ya Renske. Makiyi anawasiya ali pomwepo.

"Sendera uko, mwanawe, uyendetse ndiwe. Ine ndikufuna ndiziyang'anira muviwu. Chinthu chongokonzedwa kumene chimafuna diso."

Renske anatembenuka kundiyang'ana, ine ndinayang'ana kunja. Tonse atatu tinkadziwa kuti munthu wokhala pampando umenewo muvi sauona bwino, chiwongolero chimatchinga. Ndinakhumba kuti ndiwanyoze, ndiwatchule dzina lija kuti akwiye andiyankhe, koma ndinaleka. Ndinali nditamenyera makiyi amenewo Loweruka lonse, ndipo zinandipweteka kuona mwiniwake akuwapereka popanda wowalanda.

Renske anasendera pachiwongolero, anakokera mpando kutsogolo, n'kuliza injini. A Siebe anakhala, anamanga lamba, chipewa anachiika pamawondo.

"Giya yachiwiri imafuna ulemu," anatero. "Usaikakamize."